Tikonza pa Kompyuta

1

Mwana wanga wamkazi akamaseka amaphimba kukamwa ndi dzanja. Sanabadwe choncho ayi. Kale ankaseka mpaka aneba kusuzumira pawindo, mano onse pamtunda, kampata ka pakati pa mano ake akutsogolo kakuonekera bwinobwino ngati kanga. Ndikulemba izi chifukwa cha dzanja limenelo.

Ine ndimaphika makeke a maukwati. Mwamuna wanga ndi wojambula, wa zithunzi ndi mafilimu omwe. Tinakumana pa ukwati wa eni ake, ine ndikulimbana ndi keke yomwe inkafuna kupendama ndi kutentha, iye akundizungulira ndi kamera ngati ntchentche.

"Chemwali, tasekani pang'ono," anatero.

"Ndiseke keke ikugwa?"

"Ikagwa tikonza pa kompyuta."

Ndinaseka, iye n'kujambula. Sindinkadziwa kuti mawu amenewo ndiwo chipembedzo chake. Mkwatibwi akatuluka chiphuphu pamphuno, tikonza. Mkwati akabwera ndi mimba ngati ng'oma, tikonza. Kumwamba kukachita mitambo, tikonza. Anthu anangomupatsa dzina loti a Tikonza, ndipo mwini wakeyo ankavomera chifuwa chili patsogolo.

Luso anali nalo, zimenezo sindingamunamizire. Chithunzi chake unkachidziwira patali. Chilichonse chinkakhala chagolide ngati dzuwa likulowa, zakumbuyo zonse zili mbuu, khungu la munthu losalala ngati la chidole cha m'sitolo, loyererapo kuposa mmene Mulungu analipangira, mphuno yowongoka. Iye ankati ndi sitayilo ya m'mafilimu. Khoma lonse la situdiyo yake linali akwatibwi okhaokha, ndipo onse ankaoneka ngati ana a mayi mmodzi. Mkwati wina atabwera kudzatenga zithunzi anaima pakhomapo n'kufunsa kuti, "Akulu, tandithandizani, mkazi wanga ndi uti pamenepa?" Tonse tinagwa nako kuseka, ine ndiye mpaka misozi.

2

Titakwatirana anayamba ndi dzanja langa lamanja. Lili ndi chipsera chachikulu cha uvuni, kuchokera pachala chachikulu mpaka pamfundo. Pa chithunzi chilichonse chipseracho chinkasowa. Ndinkati n'chikondi.

Kenako mikono inayamba kuchepa. Khosi linatalika. Mphuno yanga, yomwe ndinatengera bambo anga, inaphwa m'mbali. Khungu linkayera pang'onopang'ono ngati nsalu yoiwalika pachingwe. Pomaliza anatseka kampata kanga.

"Kodi kampata kanga kakulakwirani chiyani, bambo?" ndinamufunsa tsiku lina. "Si paja munkati ndi komwe kanakukopani?"

"Pamaso n'kabwino, madamu, koma pa chithunzi kamadula mzere wa mano. Diso limakodwa pamenepo. Inu zaluso simungazimve, zanu ndi shuga."

Chithunzi changa chachikulu anachiika pawindo la situdiyo chokopera makasitomala. Tsiku lina ndabweretsa keke yoti ijambulidwe, mayi wina anaima pambali panga akuchiyang'ana.

"Koma a Tikonza anasankha, inu," anandinong'oneza. "Mkazi wawo si kukongola kwake! Inu mumawagwirira ntchito?"

Ndinangoti eya. Ndinapita kuchimbudzi n'kukadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali, ndipo kwa nthawi yoyamba nkhope yanga inandinyansa. Nditadandaulira anzanga ophika makeke anangondiseka. "Wakwatiwa kwa mphezi saopa kung'anima, mayi. Ife amuna athu satijambula n'komwe."

Masiku amenewo tinkakhala ndi mng'ono wanga. Kwathu timamutcha Kangowe, chifukwa ali mwana chitseko chinamupana kachala komaliza ka dzanja lamanja, ndipo kanapola kali kokhota ngati ngowe. Ndinamutenga ndine kuti adzaphunzire za makompyuta, ndipo akaweruka ankathandiza alamu ake kugwira nyale ku situdiyo. Atatenga mimba anasamuka n'kukachita lendi kanyumba kake. Mwini mimbayo anati anathawa, dzina lake osatchula. Ndinalira naye, ndinamuperekeza kuchipatala, ndipo kamnyamata kake katakwanitsa chaka keke ndinaphika ndine.

3

Chaka chatha Tikonza anati tijambulitse chithunzi cha banja choti chikhale pabalaza. Anavala suti yake yabuluu n'kukhala pampando wofiira wa mu situdiyo. Ine anandiimika kumbuyo, dzanja lamanja paphewa lake, mwana wathu pambali. Kamera anaitchera yokha.

"Chibwano m'mwamba, madamu. Mimba m'kati. Iwe mami, usaseke kwambiri."

Chithunzicho chinatenga nthawi kuti chituluke, koma chitabwera chinali chachikulu ngati chitseko cha kabati, mu fulemu yagolide. Anachikhomera pamwamba pa sofa n'kubwerera chafutambuyo, manja m'chiuno. Mwana wathu anakwera pasofapo n'kuyang'anitsitsa nkhope yake.

"Adadi, kampata kanga kapita kuti?"

"Ndakukonzera, mami. Taona mmene wakongolera."

"Ndiye kuti ndinali wowonongeka?"

Bambo ake anaseka. Ine ndinaseka nawo, ndipo kuseka kumeneko kumandiwawa mpaka lero. Sabata isanathe mwana anayamba kuphimba kukamwa. Aphunzitsi ake anandiuza kuti wasiya kuimba m'kwaya.

Nanga ine? Chithunzicho chinasanduka mkazi mnzanga m'nyumba mwanga momwe. M'mawa uliwonse ndikamapukuta fumbi ndinkayang'ana nkhope ya mkazi wa mu fulemuyo, kenako yanga pagalasi la kabati, n'kumawerenga zomwe ndikuperewera. Maso anga ankathera pankhope basi, kwina konse sindinkayang'anako. Tikonza ankati akalowa m'nyumba amayamba wamwetulira chithunzicho, ine kundipatsa moni atandifulatira. Anandibweretsera mafuta ena m'kabotolo koyera, akuti osalalitsa khungu, ndipo ndinayamba kudzola. Kenako ndinapita kwa dokotala wa mano kukapangana tsiku loti anditseke kampata. Ndinkati ndikafanana ndi mkazi uja, mwamuna wanga abwerera kwa ine. Dokotalayo anati mwananso akakula pang'ono akhoza kumutseka, ndipo ndinagwedeza mutu kuvomera.

4

Kutatsala pang'ono kuti tsiku la dokotala lifike, amayi anga anabwera kudzatenga magalasi atsopano. Za dokotala wa manoyo ndinali nditawauza kale. Amayi anali telala moyo wawo wonse, ndipo maso anatha ndi singano. Chithunzi chija anali atachionapo kale, koma ankangoti, "N'chowala bwino," chifukwa ankangoona chifunga.

Titabwerako kuchipatala cha maso anali ngati mwana. Ankawerenga zikwangwani zonse za mumsewu mokweza. Atalowa m'nyumba anandiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Iwe, masaya akowa apsa ndi chiyani?"

"Ndi uvuni, amayi."

"Uvuni wosankha masaya okha? Ndinakubereka ndine, usandinamize."

Ndinathawira kukhitchini kukawapangira tiyi. Pobwera ndinawapeza ataima patsogolo pa chithunzi, mphuno pafupi ndi galasi.

"Awa ndiye apongozi, ndawadziwa, okonda kudzionetsa. Kamwanaka ndiye kamdzukulu kanga, ngakhale akachita ngati ka m'sitolo. Nanga mzungu uyu ndi ndani?"

"Ndine, amayi. Ndi sitayilo."

"Sitayilo yake yoti mayi ako akufunse dzina?"

Ankaseka, koma mwadzidzidzi kuseka kunaduka. Anavula magalasi, kuwapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi, n'kuvalanso. Anagwada pasofa kuti ayandikire. Anayang'anitsitsa malo amodzi, tiyi n'kumazizira patebulo.

"Amayi, mwaona chiyani?"

"Magalasiwa akundipweteketsa mutu."

Analowa kuchipinda n'kuyamba kulongedza chikwama, pamene anabwera kuti adzakhale sabata yathunthu. Ndinawachonderera, koma anakana kwamtuwagalu. Panjira yopita kokwerera basi zikwangwani anasiya kuwerenga. Basi itafika anandigwira dzanja lamanja, n'kulitembenuza, n'kusisita chipsera changa ndi chala.

"Kwa dokotala wa mano usapite," anatero. "Ukafika kunyumba, usayang'ane nkhope. Ukayang'ane dzanja."

5

Ndinabwerera ndikuthamanga ngati ndasiya mkaka pamoto. M'nyumba munalibe munthu, mwana anali kusukulu. Ndinagwada pasofa pomwe anagwada amayi.

Dzanja linali paphewa la suti yabuluu, losalala, loyera, lopanda chipsera. Zimenezo sizinandidabwitse, chipsera ankachichotsa nthawi zonse. Ndinayang'ana zala chimodzichimodzi. Ndinafika pa kachala komaliza. Kanali kokhota ngati ngowe.

Ndinatambasula dzanja langa pagalasipo. Kachala kanga n'kowongoka ngati pensulo.

Chaka chathunthu ndakhala ndikupukuta fumbi pa dzanja limenelo. Alendo amwa tiyi pansi pake, abusa apemphera pansi pake, ine n'kumanyadira kuti onani banja langa. Kachala kamene ndinkakadziwa kuyambira ubwana wanga sindinakaone, chifukwa mwamuna wanga anandizoloweza kuti chilichonse cha pa chithunzi chosafanana ndi ine ndiye chokonzedwa. Akanandiika mutu wa mbuzi ndikanati ndi sitayilo.

Sindinalire. Ndinavala nsapato n'kutuluka, foni osamuimbira munthu aliyense.

6

Kangowe ndinamupeza akuchapa matewera pakhonde, kamnyamata kake kakukwawa pamkeka.

"Achemwali! Osaimba foni bwanji?"

Ndinalowa m'nyumba n'kulunjika kuchipinda chake. Maulendo onse omwe ndinkabwera kuno chitseko chimenecho chinkakhala chotseka, ndipo sindinkaganizapo kanthu.

"Dikirani, achemwali, m'menemo simunasesedwe!"

Ndinakankha chitseko. Pamwamba pa bedi panali fulemu yagolide, kukula kwake ngati yanga. Mpando wofiira womwewo. Suti yabuluu yomweyo, tayi yopindika pamalo omwewo, kumwetulira komweko, ngakhale kuwala kwa pamphumi komweko. Kumbuyo kwake kunaima mkazi atanyamula khanda ndi dzanja lamanzere, lamanja lili paphewa la mwamuna wanga, kachala kali kokhota.

Koma chomwe chinandizunguza mutu n'chakuti poyamba ndinkayesa chithunzi changa chomwe. Nkhope ya mkaziyo inali yomwe ija ya pabalaza panga, mphuno yowongoka, khosi lalitali, khungu la chidole. Ine ndi Kangowe sitifanana, ine ndinatengera bambo, iye amayi. Koma m'mafulemu athu tinali munthu mmodzi.

Kangowe anaima pakhomo, thovu la sopo likudontha m'manja.

"Mwana uja ndi wa ndani?" ndinamufunsa.

Anayang'ana pansi.

"Ndati ndi wa ndani?"

"Wa alamu."

"Alamu! Ukadali ndi kamwa yowatchulira alamu? Unkadya m'mbale yanga iwe, unkafunda bulangete langa. Ndinakugwira dzanja lomweli kuchipatala ukulira, n'kumatukwana nawe mwamuna wothawa mimba, pamene mwamunayo ali panja m'galimoto akutidikira!"

"Ndikhululukireni, achemwali. Ankati adzakuuzani okha."

"Nanga uyu ndi ndani?" Ndinaloza mkazi wa mu fulemu.

"Ndine."

"Iweyo? Mphuno iyi ndi yako?"

Anayamba kulira. "Amati yanga ndi yophwatalala. Amati ndikamaseka nkhama zimaoneka kwambiri. Amati ndizitengera chitsanzo inuyo, mmene mumaonekera pawindo la situdiyo."

Patebulo la pambali pa bedi panali kabotolo koyera, kofanana ndi kanga. Ndipamene ndinaona masaya ake, atapsa mofanana ndi anga. Akazi awiri a mimba imodzi, aliyense m'nyumba yake, kumadziwotcha nkhope kuti afanane ndi mkazi yemwe sanabadwepo. Ndinatuluka mothamanga n'kukasanza pangalande ya kuseri. Kamnyamata kaja kanandikwawira n'kugwira mwendo wanga kakuseka, ndipo ndinaona makutu a mwamuna wanga ali tayale pamutu pake. Amenewo ndiye pa chithunzi anali atawapinda.

7

Ndinadutsira kunyumba, kuzula fulemu pakhoma, n'kuisenza mpaka ku situdiyo. Anthu mumsewu ankandiyang'ana, koma manyazi anali atandithera. Ndinamupeza ali pa kompyuta, akudula chiuno cha mkwatibwi wina. Ndinaika fulemu patebulo n'kuloza kachala.

Anayang'ana. Mukuganiza kuti anagwada? Anamenya tebulo ndi chikhatho ngati mmisiri amene wapeza msomali wokhota.

"Aa! Koma ndiye ndinaphonya. Kanthu kakang'ono ngati kameneka!"

"Dzanja la mng'ono wanga likufuna chiyani pabalaza panga?"

"Madamu, khalani pansi ndikufotokozereni, ndi nkhani ya ntchito. Pa chithunzi chathu chija ine sindinatuluke bwino. Diso limodzi linatsinzina, ndiponso chibwano chinaoneka pawiri. Ndiye ndinali ndi china chomwe ndinatuluka bwino kwambiri, mpando womwewo, nyale zomwezo. Ndinangodzidula pamenepo n'kudzimata pa chathu."

"Ndi dzanja lomwe?"

"Linabwera ndi phewa. Kulichotsa kukanawononga mzere wa suti. Ndinangolilumikiza ndi mkono wanu, ndipo taonani, palibe angaone polumikizira. Dzanja ndi dzanja, madamu."

Dzanja ndi dzanja. Munthu wosalola kachiphuphu kamodzi kudutsa, wotha kuona kampata ka mwana wake n'kunyansidwa nako, kachala kokhota sanakaone chifukwa maso ake onse anali pa chibwano chake. Ndinamuyang'ana, fungo la perefyumu wake likundilowa m'mphuno, ndipo ndinadzifunsa kuti zaka zonsezi ndinkagona bwanji pambali pa chinthu chimenechi.

"Za mwana wa Kangowe simunenapo kanthu?"

"Zimenezo tikambirana kunyumba, muno mumabwera makasitomala. Koma ichi musadandaule nacho. Tabweretsani dzanja lanu apa ndilijambule, mawa lomweli chikhala chili bwino. Tikonza pa kompyuta."

Anatenga kamera ndithu. Anatambasula dzanja kuti agwire langa, ndipo ndinalibweza ngati ndakhudza chule.

"Nanga mwana wanu wophimba kukamwa uja, mumukonzanso pa kompyuta? Ndipatseni zithunzi zathu zenizeni, zosakonza. Zanga ndi za mwana wanga, kuyambira ali khanda. Ndikatenga zimenezo simudzandionanso."

Anandiyang'ana modabwa ngati ndapempha zinyalala za dzana.

"Zosakonza sindisunga, madamu. Zimangodzaza malo. Ndikamaliza ntchito ndimafufuta."

Apo mpamene ndinalira. Chibwenzi sichinandilize, mwana wa kumbali sanandilize, koma mawu amenewo ndiwo anandiliza. Ine ndinali mkazi wa wojambula, sindinkavutika n'kujambula mwana pa foni, ndinkati za bambo ake ndiye zabwino. Mwana wanga ali khanda, akuphunzira kuyenda, atagweruka dzino loyamba, zonsezo zilipo m'maalubamu okongola, koma mwana wa m'menemo si amene ndinamuyamwitsa.

8

Ndinachoka m'nyumba ija sabata yomweyo, ine ndi mwana ndi uvuni wanga. Kwa dokotala wa mano sindinapite, kabotolo ndinakataya kudzala. Masaya akupola pang'onopang'ono. Kangowe sindinayankhule nayenso. Amayi akuti magazi ndi magazi, ine ndimawayankha kuti mawu amenewo akufanana kwambiri ndi dzanja ndi dzanja. Tikonza ndamva kuti pawindo anaikapo chithunzi cha mkazi wina, koma odutsa sanazindikire kuti chasintha.

Inu owerenga, makamaka akazi anzanga, sindikuti muleke kudzikongoletsa. Ine ntchito yanga ndi yomata shuga pa keke, ndimadziwa kukoma kwa chinthu chosalala. Koma keke yanga ikang'aluka ndimadziwa pomwe ndamata, ndipo pamapeto pake anthu amaidula n'kudya zam'kati. Munthu akayamba kukuchotsani chipsera lero, mphuno mawa, mano mkuja, n'kumati akukukonzani, mufunseni kuti munawonongeka liti. Ine sindinafunse, ndipo ndinafika poti dzanja la mkazi wina linakhala m'nyumba mwanga chaka chathunthu ine n'kumalipukuta fumbi. Komanso jambulani ana anu nokha, ngakhale ndi kafoni kosweka galasi, mamina ali mbwee, ndipo musafufute.

Tsiku lina ndinadzijambula ndi mwana wanga kukhitchini, tonse ufa uli kumaso. Anayang'ana chithunzicho n'kunena kuti, "Amami, koma sichinakonzedwe." Ndinamuuza kuti palibe chowonongeka. Anangogwedeza mutu mwaulemu, koma ndinaona kuti sanakhulupirire.

Mpaka lero akuphimbabe kukamwa. Koma dzana ndinamutuma thireyi ya mazira, ndipo akubwera nayo ine ndinaterereka pa batala n'kukhala pansi kuti phwata, miyendo m'mwamba. Anaphulika kuseka. Manja onse anali ogwira thireyi, analibe chophimbira, ndipo kampata kaja ndinakaona, kali pomwe ndinakasiya. Atangotula mazirawo dzanja linathamangira kukamwa.

Ndiye masiku ano ndikafuna kumuseketsa, ndimayamba ndamusenzetsa mazira.